Lemba maina a anthu ako, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi anzako a m'bandi. Ife kuno ku Dedza tili bwino, kungoti kwazizira kwambiri, ndiye mwendo wa mayi ako uja wayambiranso kuwavuta m'mawa. Akupereka moni, ndipo akuti uzivala zofunda ukamayimba panja usiku.

Ndati ndikulembere chifukwa pa foni Lamulungu lija sindinakuyankhe mokwanira. Mawu ako anali olefuka, ndipo nkhani ngati iyi imafuna kukhala pansi. Unati tsiku lija ku Lilongwe holo inadzaza, anthu anavina mpaka kukukakamiza kubwereza nyimbo, koma mutakayimbanso mumzinda womwewo patapita milungu yochepa, mipando yambiri inali yopanda anthu, ndalama ya pakhomo osakwana n'kulipira zokuzira mawu zomwe. Unandifunsa kuti anthu aja anapita kuti. Nanenso ndikufunse: mwa anthu onse aja, ndi angati amene ukuwadziwa maina? Ukanafuna kuwauza kuti ukuyimbanso, ukanawapeza bwanji?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Munthu wobwera kudzakuonera ndi mlendo wako wa maola awiri kapena atatu. Waomba m'manja ndi mtima wonse, mwina wagwetsa ndi misozi yomwe, koma akangotuluka pageti akukumana ndi za minibasi, za lendi, za fizi ya ana. Pofika Lachitatu dzina lako layamba kuzilala m'mutu mwake. Kukonda amakukonda ndithu, moyo ndiwo wamutanganitsa. Tsiku limene ukuyimbanso iye ali phee pakhomo pake ku Kawale kapena ku Area 25, ndalama ya tikiti ali nayo, koma palibe wamuuza.

Ndikudziwa kuti undiyankha kuti pa Facebook amakutsatira anthu ambirimbiri. N'zoona, ndipo usasiye. Koma zimene umalemba pamenepo sizifika kwa onse okutsatira. Makina a kampaniyo ndiwo amasankha woti aone ndi woti asaone, ndipo ukafuna kuti zifike kwa ambiri amati ulipire. Ena akuba amalanda akaunti ya munthu usiku umodzi, ntchito ya zaka n'kuthera pomwepo. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6, anthu n'kumangoyang'ana mafoni awo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Dzina ndi nambala zimene munthu wakupatsa yekha, iwe n'kuzilemba m'buku lako, palibe kampani ingakulande.

Pamene ndinkaphunzitsa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1990, Lamulungu masana tinkapita ku French Cultural Centre kukaonera zisudzo. A Du Chisiza Jr ndi gulu lawo la Wakhumbata ankadzaza malo aja, a Kwathu Drama Group chimodzimodzi. Kuitana anthu nthawi imeneyo sikunali kovuta. Mapepala pa mitengo ndi pa makoma, chilengezo pa wailesi ya MBC, basi, chifukwa tonse tinkamvera wailesi yomweyo ndipo tonse tinkadziwa kumene zisudzo zimachitikira. Malo aja atatsekedwa mu 2011, khamu lija linabalalika, popeza chimene chinkalisonkhanitsa chinali malowo. Lero wailesi zachuluka, aliyense ali ndi yake, ndipo pepala lako ukamata pa mtengo madzulo, m'mawa mwake umapeza wina wamatapo lake. Kumbukiranso 2020, boma litaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19. Oyimba ndi azisudzo anakhala manja lende miyezi yambiri. Amene anali ndi manambala a anthu awo anali ndi poyambira, ankatha kuwatumizira nyimbo yatsopano n'kulandirako kangachepe pa foni.

Zaka zimene ndakhala mlembi pa mpingo wathu ndaona ubwino wa kaundula. Mkhristu aliyense analembedwa dzina ndi mlaga wake. Akapanda kuoneka masabata angapo timadziwa kuti ndi wa mudzi wakuti, timatuma mkulu wa mpingo kukamuona, mwina akudwala, mwina wakhumudwa ndi winawake. Popanda bukulo tikanangomva kuti tchalitchi chapepuka, osadziwa kuti wasowa ndani. Iwenso uyenera kukhala ndi kaundula wa anthu ako.

Yamba ndi zotsika mtengo. Gula hadikava yaikulu, ujambule mizere inayi pa tsamba lililonse: dzina, nambala ya foni, dera limene munthu amakhala, ndi kabokosi kochonga kosonyeza kuti wavomera kulandira mauthenga. Pamwamba pa tsamba uzilemba tsiku ndi malo a shoo. Bolopeni uimangirire ndi chingwe ku bukulo, apo ayi ichoka ndi munthu wachitatu. Tochi ikhale pafupi, magetsi amazima. Tebulo likhale pafupi ndi khomo koma osatsekereza njira, ndiponso kutali ndi masipika, chifukwa pa phokoso wolemba amamva 6 pamene munthu wanena 8.

Patebulopo pakhale munthu wansangala, wolemba zooneka bwino, ndipo iyeyo ndiye azilemba. Anthu ena amachita manyazi ndi kalembedwe kawo, ena achikulire magalasi anasiya kunyumba, ena alawako pang'ono dzanja silikhazikika. Akalemba aziwerenga nambalayo mokweza kuti mwini wake atsimikize, n'kuwerenga ngati manambala akwana 10. Za Airtel zambiri zimayamba ndi 099, za TNM ndi 088, ndipo anthu ambiri amayenda ndi mizere iwiri, choncho azifunsa kuti, "Ya WhatsApp ndi iti?" Wina akati foni yake ndi ya mabatani, alembe chizindikiro pambali kuti ameneyo ndi wa SMS. Funso la dera asamalilumphe ngakhale mzere utatalika. Pambuyo pake uona kuti mzere wa dera ndiwo ukuthandize koposa.

Koma buku lokha pakhomo silidzaza ngati iwe mwini sunapemphe. Anthu ambiri amadutsa tebulo osaliona n'komwe. Upemphe uli pa nsanja, ndi pakamwa pako, osatumira MC, chifukwa amene anthu am'konda usiku umenewo ndi iwe. Nthawi yakenso uisankhe bwino. Ukadikira nyimbo yomaliza, theka la anthu lili kale panja kulimbirana kabaza. Pempha pakatikati, ukangomaliza nyimbo imene yawagwira mtima, m'manja musanazizire. Mawu ake akhale ochepa, ngati awa: "Abale anga, ngati mwasangalala ndipo mukufuna ndizikudziwitsani ndikamabwera kuno, pakhomo pali mchemwali wanga wavala chitenje chobiriwira, musiyireni dzina ndi nambala. Sindikuvutitsani ndi mauthenga tsiku ndi tsiku, ndipo nambala yanu sindipatsa munthu wina aliyense." Ukumbutsenso mwachidule chakumapeto. Usachite manyazi ngati ukupempha chithandizo. Munthu amene wasangalala amafuna kudzabweranso, iwe ukungomutsegulira njira.

Ukatsika pa nsanja usathamangire kuseri. Ndikudziwa umakhala utatopa, thukuta lili kamukamu, koma pita ukaime pa tebulo lija mphindi zingapo. Upereke moni, ujambulitse ndi ofuna, ufunse anthu maina awo n'kuwatchula. Mayi amene wagwirana nawe chanza, iwe n'kumufunsa kuti wachokera kuti, amakafotokozera a m'nyumba mwake ndi anzake a kuntchito, ndipo ulendo wina sabwera yekha.

Kwa achinyamata a m'tauni pali njira yachangu. Lembetsa nambala ya bandi ndi zilembo zikuluzikulu pa nsalu yopachika kumbuyo kwanu, uwauze kuti aisunge m'foni mwawo pompo, akutumizire dzina ndi dera pa WhatsApp. Izi zili ndi phindu lina limene anzako ambiri salidziwa. Uthenga wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi pa WhatsApp, uja amati broadcast, umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yako, ndipo mndandanda umodzi umalola anthu 256. Ndiye ngakhale aja olembedwa m'buku uziwapempha kuti asunge nambala ya bandi, kupanda kutero uzingoyankhula wekha. Za kuwaunjika onse m'gulu limodzi la WhatsApp, ine sindikugwirizana nazo. M'gulu aliyense amaona nambala ya mnzake. Mtsikana amene anakupatsa nambala chifukwa cha nyimbo ayamba kuimbiridwa ndi amuna osawadziwa, wina ayamba kutsatsa nsapato, wina ndale, ndipo anthu aulemu wawo atuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Amene wawaika pamenepo ndi iwe, mlandu adzaika pa iwe.

Nambala ya bandi ikhale yosiyana ndi yako ya kunyumba. Ndiwe mwana wamkazi, ndipo si onse olemba dzina amene abwerera nyimbo. Koma SIM imeneyo ilembetsedwe m'dzina lako, ndi chiphaso chako cha unzika. Isalembetsedwe m'dzina la manijala, kapena la mnzako wa gitala, kapena la bwenzi, ngakhale mutagwirizana chotani lero. Mabandi amapatukana, ndi mmene zimakhalira, ndipo tsiku lopatukana mwini SIM amapita ndi anthu onse. Mukhale pansi ndi anzako panopa mitima ili bwino, mugwirizane kuti bukuli ndi la ndani ndipo wina akachoka zidzatani. Mulembe, aliyense asaine. Manambala onse akhale malo awiri, m'buku ndi m'kompyuta kapena m'foni, chifukwa foni imabedwa ndipo buku limanyowa.

Tsopano za mauthenga. Woyamba upite pasanathe masiku awiri chichitikireni shoo, munthu akukukumbukirabe. Ukhale wothokoza basi, wotchula dzina lake ngati n'kotheka, ndi malo amene munakumana, kuti asadabwe kuti nambala yachilendoyi ndi ya yani. Ngati uli ndi kanyimbo kamene sikanatuluke, mupatse ngati mphatso. Usayambe ndi kumugulitsa chinthu. Pambuyo pake uzilemba pokhapokha pali nkhani: shoo m'dera lake, nyimbo yatsopano, kusintha kwa malo. Kamodzi kapena kawiri pamwezi n'zokwanira. Malo, tsiku, nthawi ndi mtengo zikhale m'mizere yoyambirira, munthu asachite kufufuza. Makanema aatali amadya bandulo ya anthu, ndipo munthu amene bandulo yake yatha chifukwa cha iwe sakutsegulanso. Usatumize usiku anthu atagona. Uzilemba mmene umayankhulira, Chichewa chako chomwechi, osati ngati chilengezo cha kampani. Uziwauza pakadali milungu iwiri kuti akonzekere, n'kukumbutsa kwatsala tsiku limodzi, ndipo uzikumbukira kuti matumba a anthu olembedwa ntchito amalemera kumapeto kwa mwezi.

Chimene walemba mu uthenga uchisunge. Ukati 2 koloko masana, pa 2 koloko chida chilire. Oyimba athu ambiri ataya anthu abwino chifukwa cha ichi chokha. Bambo wabwera ndi banja lake pa nthawi imene anauzidwa, wakhala maola atatu akuonera anyamata akulumikiza mawaya, ana ayamba kulira njala, wabwerera. Ameneyo ngakhale umutumizire mauthenga okoma chotani sadzabweranso. Zikavuta, mvula yagwa kapena galimoto yafera panjira, auze msanga pa manambala omwewo. Anthu amakhululukira amene wawadziwitsa.

Apa ndi pamene mzere wa dera uja umagwira ntchito. Munthu wa ku Zomba usamutumizire za shoo ya ku Mzuzu, atopa nawe. Uwagawe m'madera, ndipo usanabwereke minibasi ndi zida kupita kwinakwake, uyambe wawerenga kuti kumeneko uli ndi anthu angati. Tiyerekeze kuti ku Lilongwe uli ndi maina 300, ndipo mwa atatu alionse wabwera mmodzi. Amenewo ndi anthu 100, pa K5,000 aliyense ndi K500,000, usanawerengere anzawo amene abwera nawo ndi odutsa m'njira. Ukudziwiratu ngati holo yakutiyakuti ungaikwanitse kapena ufune yaing'ono. Ukamakambirana ndi mwini malo kapena wokonza phwando, umayankhulanso ndi mphamvu, chifukwa ukubwera ndi anthu ako. Chiwerengero umuuze, koma manambala asawaone.

Ukamawerenga bukulo uona maina ena akubwerezabwereza. Amenewo uwaike chizindikiro. M'dera lililonse mumakhala munthu mmodzi kapena awiri amene akanyamuka ena amatsatira: mayi wa saluni, wapampando wa kwaya, mnyamata wa pa siteji ya kabaza, mphunzitsi wokonda zoyimba. Oterewa uziwaimbira foni ndi mawu ako, uwafunse malo abwino kwawoko ndi tsiku limene kulibe zochitika zina. Adzakuuza zimene sungazidziwe uli ku Lilongwe, monga kuti Loweruka limenelo kuli ukwati waukulu kapena mpira. Uwapatse matikiti poyamba, pa mtengo wotsikirapo, ndipo tsiku lina uwatchule pa nsanja. Ndikanakondanso kuti pachaka ukhale ndi tsiku lako limodzi lodziwika. Taona a Black Missionaries, chakumapeto kwa chaka chilichonse anthu amadziwa okha kuti ku Chileka kuli chikumbutso cha Evison Matafale, amene anamwalira mu 2001, ndipo amakonzekeratu ulendo. Lako lingayambe laling'ono, la anthu a m'buku mwako okha.

Usaiwale akumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Ambiri mwa iwo intaneti saigwira tsiku lililonse, koma SMS imafika pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani yomangidwa ndi mphira. Ukakayimba pa Lizulu, pa Mponela kapena pa Jenda, buku lija lipite nawo. Anthu a m'malo otere saona oyimba pafupipafupi, ndipo amene wawalemekeza samuiwala msanga.

Ku maphwando akuluakulu nkhani imasinthako. Ukaitanidwa ku Tumaini, ija imachitika ku Dzaleka m'boma la Dowa kuyambira 2014, kapena ku Lake of Stars, kapena ku Sand Music Festival, khamu limene uliona si lako, ambiri abwerera ena. Komatu kumeneko n'kumene ungapeze anthu atsopano ochuluka tsiku limodzi. Upemphe kwa okonza ngati angakulole kuika tebulo, akakana nsalu ya nambala ija ikuthandiza. Alendo ochokera kunja uziwapempha imelo, chifukwa SIM ya kuno amaitaya akamakwera ndege. Chimodzimodzi abale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town amene abwera kutchuthi, ulembe nambala yawo ya kumeneko. Tsiku lina ukadzafuna kukayimba ku Joni, oyamba kuwafunsa ndi amenewo.

Pali malo ena pamene buku liyenera kukhala m'chikwama. Pa ukwati kapena pa chinkhoswe waitanidwa kukasangalatsa alendo a eni ake, tsikulo ndi lawo. Wokufuna adzakufunsa yekha, umupatse nambala ya bandi mwakachetechete. Ku tchalitchi uyambe wapempha abusa kapena akuluampingo. Pa maliro ndiye osayerekeza. Ndipo ukakayimba kusukulu, usatenge nambala ya mwana wasukulu ngakhale mmodzi. Ndakhala mphunzitsi moyo wanga wonse, ichi ndikunenetsa. Ulumikizane ndi aphunzitsi aakulu kapena a komiti ya makolo, iwo ndiwo aziuza ana.

Chachikulu pa zonsezi, mwana wanga, ndi chakuti nambala ya munthu waisungitsa kwa iwe ngati mmene angasungitsire ndalama. Bukulo likadzakula adzabwera anthu. Wandale adzati ndibwerekeko ndiitanire msonkhano, wamalonda adzati ndikugula, mnzako woyimba adzati tigawane. Onsewo uwakanire, ngakhale tsiku limenelo m'nyumba mulibe ufa. Ukafuna kuthandiza mnzako, iwe mwini uuze anthu ako za shoo yake, manambala akhale kwa iwe. Masiku ano lamulo liliponso. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo zake n'zimene munthu woleredwa bwino amazidziwa kale: tenga za munthu atavomera, umuuze chimene ukutengera, uzigwiritse ntchito pa chokhacho, uzisunge bwino. Wina akati mundichotse, umuchotse tsiku lomwelo, umuthokoze, osamufunsa chifukwa.

Uchenjerenso ndi akuba a pa foni, aja amatumiza uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ukayamba kugulitsiratu matikiti pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ena adzayesa kunamizira dzina lako. Auze anthu ako kuyambira pachiyambi kuti nambala yolipirira ndi yakuti, dzina lotuluka pa foni ndi lakuti, ndipo siisintha. Aliyense wolipira umuyankhe kuti ndalama yafika, ulembe dzina lake pa pepala la pakhomo. Buku lija lisamagone m'galimoto kapena m'chipinda chosungira zida mmene aliyense amalowa.

Poyamba maina adzakhala ochepa, mwina tsamba limodzi osadzaza. Usagwe ulesi n'kulisiya bukulo kunyumba ulendo wotsatira. Shoo iliyonse lizipita, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndipo m'mawa mwake uzikhala pansi n'kulowetsa manambalawo m'foni usanayambe zina.

Mng'ono wako akangomaliza mayeso a MSCE adzakhala alibe chochita kwa miyezi ingapo. Ndamufunsa ndipo wavomera ndi chimwemwe kudzakhala pa tebulo lija, paja amalemba bwino kuposa tonse m'nyumba muno. Koma ndi wa mashoo a masana ndi a m'maholo okha. Kumalo omwera mowa usiku usapite naye, kumeneko upemphe mmodzi wa anyamata a m'bandi. Undiuze tsiku la shoo yotsatira kuti tikonze zoti anyamuke, ndipo mayi ako akuti adzamupatsira mbatata ndi nyemba.

Ndine bambo ako okukonda.